Njira yatsopano pa thanthwe la m'nkhalango kufupi ndi Sheffield

Nachisale, Sheffield (Lamlungu, 19:42)
Abale anga a pagulu pano, lero ndakwera njira ija ndakhala ndikuinena chiyambire Novembala. Ndatsogolera (kukwera patsogolo popanda chingwe chochokera pamwamba) kuchokera pansi mpaka pamwamba osagwa komanso osapumira pa chingwe, achimwene a Kondwani atandigwirira chingwe pansi. Kumbuyo kwa manja kwasupuka konse ndipo ndikakumbukira pamwamba paja miyendo ikunjenjemerabe. Ndi yaitali mamita 11 okha basi, koma palibe njira ina imene yandidyera mtima ngati imeneyi. Ndikufuna mundithandize maganizo pa giredi yake, ndiye kuti muyeso wa kuvuta kwake. Palinso kanthu kena kamene kakundisowetsa mtendere, ndikanena tikamacheza.

Tadala, Manchester (19:47)
Eee achemwali, mwatichotsa manyazi! Ndi kuti kumeneko? Tumizani malo pa mapu ndikwere sitima Loweruka ndidzaione.

Nachisale, Sheffield (19:58)
Tadala, malo sinditchula pakadali pano, undikhululukire. Ndi kathanthwe kakang'ono m'nkhalango ya mitengo ya birch ndi oak, kumadzulo kwa mzinda. Lamulo la kuno la chaka cha 2000 limalola anthu kuyenda ndi kukwera miyala m'malo otseguka amene analembedwa pa mapu, monga ku thanthwe lotchuka la Stanage, koma nkhalango zambiri sizili m'gulu limenelo. Pansi pa thanthweli pamadutsa kanjira ka anthu oyenda pansi, koma kudutsa pa kanjira ndi kwina, kubwera ndi zingwe ndi gulu la anthu ndi kwinanso. Ndalembera munthu wa BMC, bungwe la okwera miyala ndi mapiri kuno, amene amaona za chilolezo m'dera lino. Akayankha ndidzakuuza.

Mphatso, Likhubula (20:15)
Zikomo mayi Nachisale, tikukunyadirani kuno ku Mulanje. Koma mundithandize, ndikufunsa ndi mtima umodzi. Kuno nkhope ya kumadzulo ya Chambe ndi yaitali mamita pafupifupi 1,700, ndipo alendo amene ndimawaperekeza amaiona n'kugwira pakamwa. Inu mukunena mamita 11, amene sakwana ngakhale mtengo wa bulugama wokhwima. Zimatheka bwanji kuti munthu athe miyezi inayi pa kamwala kotero? Kodi mwalawo ndi wotani?

Amalume a ku Leeds (20:44)
A Mphatso, funso lanu ndi labwino, ndipo inenso ndinkafunsa chimodzimodzi nditangofika kuno. Mwalawu Azungu amautcha gritstone. Kuti muumvetse ganizani za mphero ya agogo anu. Ndi mwala umenewo ndithu, chifukwa kwa zaka mazanamazana anthu a kuno ankasema mwala womwewu kupanga mphero zozungulira za m'zigayo, ndipo mukapita m'munsi mwa Stanage mudzazipeza zitangoti mbwee mu udzu, zina zosemedwa kale koma zosagulidwa. Chizindikiro cha Peak District National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1951, ndi mphero yomweyo. Poyamba unali mchenga wokhakhala umene mitsinje ikuluikulu inkasiya pothira m'nyanja zaka pafupifupi 320 miliyoni zapitazo. N'chifukwa chake mkati mwake muli timiyala toyera ta quartz, tina ngati nandolo, tina ngati mtedza.

Tsono mwala umenewu ulibe zogwira zambiri. Zonse ndi zobulungira. Nsapato imakhala pa mwala chifukwa cha kukhakhala kwake basi, ndipo dzanja umaliika chafufumimba ngati ukusisita msana wa ng'ombe. Pamene pali mng'alu umalowetsa dzanja n'kulipanikiza mkati, ndiye kusupuka kumene a Nachisale akunena. Ndipo mwambo wa kuno ndi woti pa thanthwe la gritstone suboola mwala kuti uikepo bawuti. Chimene chingakugwire ukagwa ndi ma cam ndi ma nut, tizitsulo tokolekamo chingwe, amene waika wekha m'ming'alu pokwera, ndipo wobwera pambuyo amazizula. Ngati palibe mng'alu, palibe chokuteteza. Choncho mamita 11 amakwana kuthyola munthu msana.

Mphatso, Likhubula (20:58)
Ndamva amalume. Kunotu pa matanthwe a Chambe nthawi zina chogwira chimakhala tsinde la udzu kapena cheyo womera pa mwala, amene amayi amapangira matsache. Ming'alu ndi yosowa malo ambiri, moti ena masiku ano akuboola ndi kuika mabawuti. Sindinadziwe kuti kwanuko n'zoletsedwa.

Amalume a ku Leeds (21:06)
Si lamulo la boma, ndi pangano la okwera okhaokha, koma ndi lolimba kuposa malamulo ena olembedwa. Pa miyala ya laimu ya ku Malham kapena ku Raven Tor mabawuti alipo. Pa gritstone wachilengedwe ayi. Ukaika bawuti lero, sabata yamawa sudzalipeza.

NaPhiri, Rotherham (21:10)
Mwana wanga Nachisale, ine za miyalazi sindizidziwa, koma zimene ndawerengazi zandiopsa. Ukanagwa bwanji? Mayi ako ku Dedza ndikanawauza chiyani?

Nachisale, Sheffield (21:39)
Mayi, nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikuipeputsa. Ndifotokoze mmene ndinachitira kuti muone kuti sindinangodumphira.

Thanthweli ndinaliona mu Novembala ndikuyenda nditatuluka ntchito ya usiku. Linali lobiriwira ndi ndere kuchokera pansi mpaka pamwamba, madzi akudontha kuchokera m'mizu ya mitengo. Miyala ya m'nkhalango imachedwa kuuma chifukwa mphepo siifika, mosiyana ndi ya pamtetete. Sindinalikhudze n'komwe. Mwala umenewu ukanyowa umafooka, ndipo timiyala ta quartz timene takhala pamenepo chikhalire timatha kuthothoka ukatipondera. Kamwala kakachoka sikabwereranso. Ndinabwerera mu Januwale, kunali kusanaume. Kumapeto kwa Febuluwale kunachita masiku asanu ndi atatu opanda mvula, mphepo yozizira ikuchokera kum'mawa, ndipo popeza mitengo inalibe masamba dzuwa linkafika pa mwala masana. Ndipamene ndinamangirira chingwe ku mtengo wa oak pamwamba n'kutsika nacho kuti ndione bwino.

Njirayi imayamba ndi mng'alu woongoka wa mamita anayi, wolowa dzanja bwinobwino, ndipo mumalowa ma cam awiri olimba. Kenaka pa mamita 6 pali mng'alu wopingasa, momwe mumalowa cam yomaliza. Kuchoka apo mng'alu watha. Umasunthira kumanzere pa ngodya ya thanthwe, phazi lamanja pa timiyala tiwiri toyandikana, dzanja lamanzere likukumbatira ngodya, ndipo uyenera kuimirira pa phazi limenelo ndi mtima wonse. Ukakayika phazi limatsetsereka. Pamwamba palibe chogwira, ndi pobulungira ngati mphika wovundikira, umangokankha ndi zikhatho mpaka mimba ifike pamwamba.

Ndinayesera katatu ndi chingwe chochokera pamwamba, masiku osiyana. Tinakokanso cam yomaliza ija mwamphamvu kuti tione ngati ingasunthe. Lero ndinavala chipewa cholimba, tinayala matiresi awiri pa miyala ya pansi, ndipo a Kondwani anali okonzeka kubwerera m'mbuyo kuti afupikitse chingwe ndikagwa. Polemba njirayi ndidzanena poyera kuti ndinayamba ndayesera, sindinaikwere mongoiona koyamba.

Kondwani, Sheffield (21:52)
Mayi NaPhiri, ndikuchitira umboni. Tinayeza ndi chingwe: akanagwa pa ngodya paja akanaima mamita awiri asanafike pansi. Akanagwa pamwamba penipeni ndiye zikanakhala pafupi kwambiri, n'chifukwa chake tinayala matiresi. Ndipo tinauza munthu kumene tili ndi nthawi yobwerera. Kuno kukachitika ngozi umaimba 999, kupempha apolisi, kenako n'kunena kuti ukufuna opulumutsa anthu m'mapiri. Ndi anthu ongodzipereka, salandira malipiro, ndiye sitifuna kuwavutitsa chifukwa cha kusasamala.

Koma kunena zoona, pamene anaima pa timiyala tija anakhala nthawi yaitali osasuntha. Ine pansi mpweya unandithera. Nkhalango yonse inali zii, kumangomveka gogomole akugogoda mtengo chapatali. Kenako anangoimirira.

NaPhiri, Rotherham (21:57)
Chabwino ana anga. Mtima sunakhazikike kwenikweni koma ndaona kuti munaganiza. Nachisale, mabalawo utsuke ndi madzi a mchere.

Tadala, Manchester (22:03)
Nanga giredi achemwali? Ine ndimangodziwa za m'nyumba zokwereramo, 6a, 6b. Za kunja zija za HVS ndi E zimandizunguza mutu.

Nachisale, Sheffield (22:11)
Ine ndikuganiza HVS 5a. Tadala, chigawo chachiwiricho, 5a, chimanena za kuvuta kwa sitepe imodzi yovutitsitsa pa njira yonse. Choyambacho chimanena za njira yonse pamodzi: kutopetsa kwake, kuopsa kwake, ngati zotetezera zilipo kapena ayi. Zimayenda kuchokera ku Moderate, Diff, VDiff, Severe, HS, VS, HVS, kenako E1, E2 kumapita m'mwamba. 5a ya kuno usaifanizire ndi manambala a m'nyumba, ndi miyeso yosiyana.

Amalume a ku Leeds (22:30)
Apa ndiye sindikugwirizana nanu, mwana wa mlongo wanga. Mwanena nokha kuti cam yomaliza ili pa mamita 6, ndipo a Kondwani anena kuti kugwa pamwamba kukanakufikitsani pafupi ndi pansi. Inu mwayesera katatu, mukudziwa pamene timiyala tili. Giredi imaperekedwa poganizira munthu amene wafika koyamba, sakudziwa kanthu, akuyang'ana m'mwamba n'kuona ngodya yopanda chogwira. Munthu ameneyo mukamuuza HVS adzayamba ali ndi chidaliro cholakwika. Ine ndikuti E1 5a. Ku Froggatt kuli njira yotchedwa Three Pebble Slab imene anthu akhala akukangana zaka zambiri ngati ili HVS kapena E1, ndipo mkangano wake ndi womwewu: sitepe si yovuta kwambiri koma chokugwira chatsalira m'munsi.

Ndaona anthu ambiri amachepetsa giredi ya njira yawo poopa kuti anzawo adzati akudzikweza. Kudzichepetsa ndi kwabwino pa maliro ndi pa ukwati, koma pa thanthwe kukhoza kuvulaza mwana wa eni.

Kondwani, Sheffield (22:38)
Ine ndinakwera pambuyo pawo chingwe chili pamwamba, ndipo ndinaona ngati 5a ndi yoona. Koma sindikanaitsogolera lero. Njira za HVS ndimatsogolera kawirikawiri. Mwina zimenezo zikuyankha.

Nachisale, Sheffield (22:55)
Ndamva, ndilemba E1 5a ndipo amene adzabwereze adzakonza ngati ndalakwa.

Tsopano kanthu kaja. Tsiku loyamba kutsika pa chingwe ndinapeza zinthu ziwiri. Pa mtengo wa oak pamwamba panali kachidutswa ka lamba wakale wokwerera, woyezuka ndi dzuwa, khungwa la mtengo litayamba kumumeza. Ndipo pa mng'alu wopingasa uja pali malo ngati chikhatho pamene mwala ndi wotuwa mosiyana ndi ponse, wokandika mizeremizere, ndipo ukapakhudza mchenga umatsalira pa chala. Munthu wina anapakwecha ndi burashi ya waya. Sindikudziwa kuti ndi liti. Ndayang'ana m'buku la BMC la dera limeneli, m'buku la Rockfax, ndi pa webusaiti ya UKClimbing, thanthweli silikutchulidwa paliponse. Koma munthu anafikapo ine ndisanafike. Kodi ndili ndi ufulu wonena kuti njirayi ndi yatsopano?

Tadala, Manchester (23:01)
Ngati sanalembe ndiye kuti ndi yanu achemwali. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, munavutika miyezi inayi. Lembani usiku uno asanakulandeni.

Amalume a ku Leeds (23:34)
Tadala mwana wanga, pang'onopang'ono. Anthu akhala akukwera miyala yozungulira Sheffield kuyambira m'ma 1880, pamene J. W. Puttrell ankapita ku Wharncliffe. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri kunabwera anyamata a ntchito zamanja ochokera ku Manchester ndi Salford, a Joe Brown ndi a Don Whillans, amene ankakwera ming'alu yoopsa alibe ma cam n'komwe, chifukwa ma cam anayamba kupangidwa ndi kampani ya Wild Country ku Peak District komweko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. M'zaka zonsezo mzinda uno wakhala ndi anthu ambirimbiri oyendayenda m'nkhalango kufunafuna mwala. Ambiri ankakwera n'kupita kwawo osalemba kanthu. Choncho pa gritstone, munthu wanzeru akati njira yatsopano amatanthauza kuti ndi yoyamba kulembedwa.

Maganizo anga ndi awa. Lembani zimene mwachita monga momwe zinalili, tsiku, amene anagwira chingwe, kuti munayesera kaye. Lembaninso za lamba uja ndi za malo okwechedwawo. Funsani poyera ngati alipo amene akudziwa. Akabwera munthu n'kunena kuti anaikwera mu 1990, mumuthokoze ndipo dzina likhale limene iye analipatsa. Akabwera wina n'kunena kuti anangoyeretsa koma analephera, ndiye kuti ndi yanu. Lamba woti khungwa lamumeza wakhala zaka zambiri, ndiye sindikuona kuti mwalanda ntchito imene munthu ali nayo pakati.

Chimene chandipweteka ine ndi burashi ya waya ija. Mwala umenewu uli ndi khungu lolimba kunja, lochindikala pang'ono chabe, ndipo mkati ndi wofewa. Ukaboola khungulo mvula ndi nsapato zimadya mkatimo chaka ndi chaka mpaka pakhale dzenje. Inu munayeretsa ndi chiyani?

Nachisale, Sheffield (23:49)
Burashi yofewa ya pulasitiki ndi kansanza, amalume. Ndinachotsa ndere pamalo pokhapo pamene dzanja kapena phazi likhale, malo asanu ndi awiri. Kumanja kuli mng'alu wina wodzaza zomera za fern ndi dothi, umene ukanandipatsa cam ina pamwamba ndithu, ndipo njira ikanakhala yosaopsa. Ndinaganiza kwa sabata yathunthu n'kuusiya. Mu mng'alu umenewo ndinaona kachisa kakale ka mbalame, ndipo nyengo yoikira mazira yayandikira. Kuwononga chisa chimene mbalame ikugwiritsa ntchito ndi mlandu kuno, pa lamulo la 1981. Koma ngakhale lamulolo pakanapanda, sindikanafuna kuzula munda wonsewo kuti ine ndikwere mphindi zisanu. Choko choumitsira thukuta la m'manja chimene ndinasiya pa zogwira ndinachipukuta tisanachoke.

Mphatso, Likhubula (Lolemba, 05:20)
Mwadzuka bwanji nonse. Ndawerenga zonse m'mawa uno. Ine pa nkhani ya fern ndikusiyana nanu pang'ono mayi. Ngati kuzula zomera zochepa kukanachititsa kuti munthu wobwera pambuyo asathyoke mwendo, kodi moyo wa munthu suposa zomera? Kuno tikamatsegula njira ya alendo timalambula, ndipo palibe amene amatidzudzula.

Amalume a ku Leeds (07:02)
Tadzuka a Mphatso. Kusiyana kwake n'koti njira ya ku Chambe hut kapena ku Lichenya anthu amayendamo chifukwa ayenera kufika, ena atasenza katundu. Pa kathanthwe aka palibe amene akukakamizidwa. Amene akuona kuti n'koopsa akhoza kumangirira chingwe pamwamba monga anachitira a Nachisale poyesera, kapena kupita ku Birchen kumene kuli njira zambiri zosavuta. Komanso nkhalango ili ndi mwini wake. Eni malo akaona thanthwe lasendedwa, zomera zili mulu pansi, amatseka, ndipo amatsekera aliyense. Chimene chimateteza wobwera pambuyo ndi giredi yoona ndi mawu omveka akuti pamwamba palibe chokugwira.

Mphatso, Likhubula (07:25)
Pa za mwini nkhalango ndamva. Pa zinazo ndikanaganizabe. Mwina ndiyenera kuugwira mwalawo ndi manja anga kuti ndimvetse.

Nachisale, Sheffield (08:10)
A Mphatso, nkhawa yanu ndi imenenso inandisowetsa tulo sabata ija, ndiye musaone ngati mwalankhula zachabe. Ndidzalemba m'mawu ofotokoza njira kuti mng'alu wa kumanja usakhudzidwe ndipo kuti cam yomaliza ili pa mng'alu wopingasa. Ndidzawonjezanso kuti aliyense adikire masiku angapo opanda mvula. Nyengo yake ndi yaifupi kwambiri. Pofika Meyi masamba adzatseka dzuwa, kudzatentha, manja adzayamba kuchita thukuta pa zobulungira zija, ndipo tizilombo toluma tija ta midge tidzadzaza nkhalango. Ikadzafika Okutobala ndere zidzabwerera.

Tadala, Manchester (08:16)
Nanga dzina? Chonde likhale la Chichewa.

Nachisale, Sheffield (08:31)
Ngati sipapezeka mwini wake wakale, ndikufuna kuitcha Walira Mvula. Agogo anga ankakonda mwambi umenewo tikamadandaula za matope m'munda, ndipo ndinkaukumbukira ulendo uliwonse ndikafika n'kupeza thanthwe likudontha. A Kondwani amafuna Mutu Umodzi chifukwa anandiperekeza maulendo asanu m'chisanu, awiri mwa iwo osakwera n'komwe.

Kondwani, Sheffield (08:36)
Walira Mvula ndi labwino achemwali, litengeni. Langa lija tisungire mng'alu wa kumanzere kwenikweni uja, umene sitinauyese.

NaPhiri, Rotherham (08:50)
Kodi kulinso wina?

Kondwani, Sheffield (08:53)
Ulipo mayi, koma umenewo uli ndi malo oika zotetezera mpaka pamwamba.

Amalume a ku Leeds (12:18)
A Nachisale, ndaona zanyengo. Akuti Lachitatu kugwa mvula pang'ono, kenako kuuma mpaka Lamlungu, kuzizira madigiri 6 kapena 7, kumene ndi kwabwino pa mwala umenewu. Ngati a BMC ayankha bwino, ndikufuna ndibwere Lamlungu ndiyese kuitsogolera osayesera kaye, kuti tione ngati E1 ndi yoona. Musandiuzenso zambiri za timiyala tija, zimene ndawerenga zakwana. Tikafika n'kupeza pansi pa mng'alu pali chinyezi, tidzangoyenda m'nkhalango n'kubwerera. Ndidzabwera ndi mpeni tidule lamba wakale uja asanapweteke mtengo.

Nachisale, Sheffield (12:40)
Zikomo amalume. Munthu wa BMC wayankha posachedwapa kuti alankhula ndi eni nkhalango sabata ino ndipo wapempha zithunzi za malo okwechedwa aja, ndamutumizira. Wafunsanso kwa okwera akale a m'dera lino ngati alipo akukumbukira thanthweli. Tadala, akalola ndidzakutumizira uthenga wapadera, ukwere sitima ya m'mawa utsikire ku Sheffield, a Kondwani adzakutenga pa siteshoni. Ubwere ndi chipewa cholimba ndi nsapato zoyendera m'matope, ndipo za kutsogolera usaganize kaye, udzayamba ndi chingwe cha pamwamba.

Tadala, Manchester (12:44)
Ndamva achemwali. Chipewa ndibwereka lero lomwe.